Nagat Sankatsika pa Siteshoni ya Bambo Ake

Siteshoni ya Ezbet Mansi anaitchinga ndi malata tsopano. Akuti pamenepo padzakhala ina yam'mwamba, ya sitima zamagetsi, ndipo achinyamata akusangalala nazo. Ife amene tinakulira m'mbali mwa njanjiyo timangodutsa mutu uli pansi. Koma mukafunsa aliyense wa imvi kuti akuuzeni za siteshoniyo, sayamba ndi nyumba kapena njanji. Amayamba ndi a Shehata, ndipo asanatsegule pakamwa amapukusa kaye mutu.

Kalekale pamalopo panalibe siteshoni. Panali minda ya magwafa yokhayokha ndi kamsewu kafumbi kodutsa njanji yochokera mumzinda wa Alesandriya kupita kwa asodzi ku Abu Qir. Munthu woyamba kulembedwa ntchito pamenepo anali bambo wawo wa a Shehata, ndipo ntchito yake inali kutchinga kamsewuko ndi unyolo sitima ikamabwera, kuti ngolo za abulu zisaphwanyidwe. Eni minda anadandaula mpaka sitima inayamba kuima pang'ono kuti azikweza madengu awo. Anthu ataona kuti sitima ikuima, anakhamukirako. Anadula magwafa n'kumanga nyumba, a njanji nawonso anawaka khonde lalitali lokwererapo, kazenera kogulitsira matikiti, ndi kanyumba ka zipinda ziwiri kumapeto kwa khondelo. A Shehata anabadwira m'kanyumba kameneko.

Anayamba ndi unyolo wa bambo wawo, n'kubwera poboola matikiti, mpaka anawapatsa chipewa, mbendera yobiriwira ndi wenzulo. Kuyambira pamenepo panalibe sitima yonyamuka pa Ezbet Mansi iwo asanalize wenzuloyo. Sitimazo ankazidziwa ngati abale. Ya m'mamawa inali ya amayi a nsomba, ndipo fungo lake linkafika iyo isanaoneke. Yotsatira inali ya antchito a m'mafakitale ndi ana asukulu, yodzaza mpaka ena kulendewera pazitseko, a Shehata n'kumawakalipira mmodzimmodzi potchula maina a makolo awo. Masana kunkadutsa ya okalamba opita kuchipatala. Nyengo yotentha inkabweretsa mabanja a mumzinda okasamba kunyanja, ndi mavwende awo, miphika ndi ana olira. Sitima iliyonse inali ndi bogi ya amayi okhaokha, ndipo bogiyo inkaima moyang'anizana ndi kanyumba ka a Shehata.

Anali munthu wabwino, tisawanamizire. Wakhungu ankamugwira dzanja mpaka pampando, mwana wosochera ankamuperekeza mpaka pakhomo. Koma anali ndi chinthu chimodzi chimene ankachinyadira kuposa chipewa chija: kuti mawu awo sabwerera. Akati ayi, ndi ayi, ngakhale atazindikira mawuwo ali pamlomo kuti alakwa. Iwo ankati kumeneko ndiye kukhala mwamuna. Barsoum, Mkhristu wogulitsa tiyi pakhondepo, amene anakula nawo limodzi kuyambira ali osavala, ankati kumeneko ndi kuuma mutu basi, ndipo ankawauza pamaso tsiku lililonse powapatsira tambula.

Amuna akwathu kuno ali ndi matenda amodzi. Akapsa mtima salumbira pa Mulungu yekha, amalumbiranso pa ukwati wawo. Wogulitsa tomato amakuwa kuti, "Ngati ndakubera pasikelo, mkazi wanga ndamusudzula!" pamene mkaziyo ali kunyumba akuchapa, sakudziwa kanthu. Zambiri zimathera pakamwa. Koma mawu a kusudzula, chipembedzo chathu cha Chisilamu chimawawerenga. Kamodzi ukhoza kumubweza mkaziyo, kawiri ukhoza kumubweza, kachitatu chitseko chatsekeka. A Shehata anali atawononga kale kawiri pa akazi awo, a Tafida: koyamba chifukwa cha mkangano wa sitovu ya parafini pakati pa a Tafida ndi apongozi awo, kachiwiri chifukwa cha ukwati umene a Tafida anapitako osatsanzika. Maulendo onse awiri anakawapepesa kwa achimwene a mayiwo, chipewa chili m'manja.

"Iwe Shehata," ankatero Barsoum, "watsala ndi tikiti imodzi yokha. Uisunge m'thumba lamkati, usamayende nayo pakamwa."

"Thira shuga m'tiyimo, usiye za m'nyumba mwa eni."

Ana aamuna awiri a banja la a Shehata anamwalira ali makanda. Amene anakula anali mwana wamkazi yekha, Nagat, ndipo a Shehata ankamukonda mochititsa manyazi. Anaphunzirira kuyenda pakhonde la siteshonipo, madalaivala onse ankamudziwa dzina. Atapambana n'kulowa sukulu ya unamwino mumzinda, bambo akewo anauza aliyense wogula tikiti, ngakhale amene sanafunse.

Ndiye mkulu wawo wa a Shehata anabwera kuchokera kumudzi, awiriwo anagwirana manja, nawerenga pemphero la Fatiha popangana kuti Nagat adzakwatiwa ndi mwana wa mkuluyo, monga mabanja ambiri amachitira kuti dzina lisatuluke pakhomo. Nagat mwiniwakeyo sanafunsidwe. Akanamufunsa, akanamva kuti m'sitima ya antchito ija munali Sobhi, mwana wa msodzi wa ku Abu Qir, wokonza injini za mabwato, amene kwa chaka chathunthu ankaphonya dala sitima yake kuti akwere imene Nagat wakwera.

M'nyumbamo munavuta kwa miyezi. Pomaliza malume ake a Nagat, mchimwene wa a Tafida, anati adzamuimira okha pa ukwati wake ndi Sobhi, popeza mtsikanayo ndi wamkulu ndipo lamulo limamulola. Tsiku limene anabwera kudzamutenga linali Lachinayi madzulo, khonde litadzaza anthu obwera kuntchito. Nagat anatuluka m'kanyumba kaja ndi sutikesi, amayi ake akumutsata, ndipo sitima ya ku Abu Qir inali italowa kale. Anapita pamene bambo ake anaima ndi mbendera.

"Ababa, ndikupita. Ndidalitseni."

"Bwerera m'nyumba."

"Ndinakuuzani kuyambira kale kuti munthu uja sindimufuna. Ndakulakwirani chiyani?"

"Ine ndinagwirana dzanja ndi mkulu wanga! Ukufuna kuti kumudzi azindiloza chala kuti Shehata amalamula sitima koma mwana wake wamukanika?"

"Bambo a Nagat, anthu akumva," anatero a Tafida chapansipansi.

"Amve! Amve onse!" Anatembenukira akazi awo, maso ali psuu. "Tafida, tchera khutu. Tsiku limene phazi la mwana uyu lidzaponde pa siteshoni pano ine ndidakali pano, iwe ndakusudzula!"

Barsoum anaika thireyi pansi n'kugwira m'mutu. Amene anayamba kutsitsimuka anali a Tafida. Anagwira mwana wawo paphewa n'kumukankhira pachitseko cha bogi ya amayi, akunena kuti, "Kwera, kwera msanga, mwana wanga!" ngati kuti pansipo pakuotcha. Malume anaponya sutikesi pazenera. Dalaivala anasuzumira akudikira, ndipo panalibe wina woti anyamutse sitimayo. A Shehata analiza okha wenzulo.

Chowawa chake n'chakuti Nagat sanapite kutali. Akanakwatiwa ku Cairo kapena kunja, mwina mtima ukanazolowera. Koma ankakhala ku Abu Qir n'kumagwira ntchito pachipatala cha mumzinda, ndipo njanji ndi imodzi. M'mawa ankadutsa pa Ezbet Mansi, madzulo ankadutsanso, atakhala pazenera la bogi ya amayi, moyang'anizana ndi chitseko cha nyumba imene anabadwiramo.

A Tafida anapanga zenera limenelo kukhala pakhomo pawo. Sitima yamadzulo ikamayandikira, ankatuluka ndi kamphika kokulungidwa m'nsalu, lero kabichi wokulungamo mpunga, mawa denje wa nkhuku, n'kukapatsira pazenera, Nagat n'kubweza kamphika ka dzulo. Nkhani zonse za banja zinkadutsa pamenepo mothamanga: mimba, malungo a mwana, mano oyamba, mkangano ndi apongozi. Amayi a m'bogimo anazolowera kusiya mpandowo, ndipo mlendo akakhalapo ankamusuntha popanda kumufotokozera. Masiku a tchuthi a Tafida ankakwera okha kupita ku Abu Qir. Koma pa chikondwerero cha Idi m'kanyumba kaja munkakhala anthu awiri okha, akudya osayankhulana.

Nanga a Shehata? Ankaima kumapeto ena a khonde, pafupi ndi injini, nkhope atalozetsa kutsogolo ngati kumbuyoko kulibe sitima. Koma siteshoni yonse inkadziwa kuti wenzulo siilira kamphika kasanalowe pazenera. Ankaonera pakona ya diso. Mdzukulu wawo woyamba anamuona choncho, atamunyamula m'mwamba pazenera sitima ikudutsa pang'onopang'ono pamaso pawo. Ankamusowa mwana wawo koopsa, ndipo aliyense ankaona, kupatula kuti iwo ankayesa kuti akubisa.

Mdzukuluyo atayamba kuyenda, Barsoum anatopa nazo. Tsiku lina anatseka kabenchi kake ka tiyi masana, anawagwira mkono a Shehata, naitana a Tafida, n'kupita nawo kwa Shehe Abdel-Ati wa kumzikiti wa kuseri kwa msika. Sheheyo anali wokalamba, maso akuchita khungu, ndipo malumbiro a amuna opsa mtima anali atawamva mpaka kutopa. Anamvetsera nkhani yonse akusisita ndevu.

"Mwana wanga," anatero, "amuna ambiri akamalumbira chonchi sakhala akufuna kusiya akazi awo. Amangofuna kuopseza. Ngati ndi choncho, kumeneko si kusudzula. Ungodyetsa osauka khumi, lumbiro latha, mwana akatsike. Iwe unkangofuna kumuopseza mtsikanayo, si choncho?"

Barsoum, ataima pakhomo, anakhosomola mwamphamvu. A Tafida anali atakhala pamphasa kumbuyo, manja atawapanikiza pamaondo. Mawu ofunika anali amodzi okha, eya.

Kunena zoona, a Shehata eniakewo sankadziwa chimene ankafuna tsiku lija. Munthu wopsa mtima amadziwa chiyani? Koma kuti avomere pamaso pa akazi awo, pamaso pa Barsoum, kuti mawu amene anakuwa khonde lonse likumva anali mphepo chabe, zimenezo zinawakanika.

"Ine sindiopseza anthu, a Shehe. Chimene ndinanena ndinanena."

"Taganiza bwino, mwana wanga. Mtima wako unkafunadi kuti mayi uyu achoke?"

"Ndinali nditatsimikiza."

Sheheyo anatambasula manja. "Ndiye palibe chimene ndingakuchitire. Mwanayo asaponde."

Panja Barsoum anawatukwana msewu wonse. "Ine Mkhristu ndakunyamula kukufikitsa kwa Shehe wako, Shehe wakutafunira, wakuikira m'kamwa, iwe walavula! Bulu wa ngolo amakuposa, iye ukamuonetsa pachipata amalowa!" A Tafida anayenda patsogolo, anafika kunyumba, naika mphika pamoto.

Mpata wina unabwera. Patapita zaka, akuluakulu a njanji anafuna kuwakweza a Shehata kuti akayang'anire siteshoni yaikulupo kufupi ndi mzinda, yokhala ndi nyumba yabwino. Akanachoka pa Ezbet Mansi, lumbiro likanatsala pomwepo. A Tafida anayamba kumanga ziwiya m'makatoni asanauzidwe, akuimba nyimbo. Koma anthu a pasiteshoni anayamba kunong'ona kuti Shehata akuthawa mawu ake, ndipo manong'onong'owo anawafika. Anakauza akuluakuluwo kuti bambo wawo anafera pamenepo, iwonso sachoka. A Tafida anamasula makatoni n'kubwezera mbale pamashelefu. Kuyambira pamenepo chiyembekezo chawo chinatsala chimodzi, tsiku limene amuna awo adzapume pantchito n'kubweza makiyi a kanyumbako.

Zaka zinapita. Minda ya magwafa yotsala inasanduka nyumba zosanjikizana, unyolo uja unalowedwa m'malo ndi chipata chachitsulo, amayi a nsomba anayamba kukwera minibasi. Ana a Nagat anakula n'kumatsika okha kudzadya kwa agogo awo, chifukwa lumbiro silinkawakhudza, ndipo a Shehata ankawagulira chilichonse chimene aloza. Mayi wawo yekha ndiye ankapitirira ndi sitima.

Chaka chimene a Shehata ankayembekezera kupuma, a Tafida anayamba kutupa miyendo n'kumabanika akayenda pang'ono. Unali mtima. Anawagoneka pachipatala chimene Nagat ankagwirako, ndipo ankanena okha kuti masabata amenewo ndiwo anali okoma kuposa onse, chifukwa mwana wawo ankawasambitsa, kuwapesa tsitsi ndi kuwadyetsa ndi supuni. A Shehata ankabwera kudzazonda nthawi imene akudziwa kuti Nagat ali ku wodi ina. Kenako madokotala anati palibenso chochita, akapumule kunyumba.

Nagat anachonderera amayi akewo kuti apite nawo ku Abu Qir. Anakana.

"Ndikafere pakhomo pa apongozi ako ngati munthu wothamangitsidwa? Ndili ndi nyumba, ndili ndi mwamuna. Bambo ako akupuma Idi ya nkhosa ikadutsa. Tidzasamuka, udzabwera, udzatopa nane."

Idiyo inali idakali patali, ndipo aliyense woona a Tafida ankadziwa kuti safikako. A Shehata nawonso ankadziwa. Ankaima pakhonde ndi mbendera, kumanzere kuli zenera la nyumba kumene akazi awo akubanika, kumanja kuli zenera la sitima kumene kwakhala namwino amene amasamalira anthu osawadziwa tsiku lonse. Pamenepo m'pamene kuuma mutu kunawathera. M'mawa wina anavala malaya oyera n'kupita kumzikiti okha, popanda wowakoka. Shehe Abdel-Ati anali atamwalira kalekale, ndipo pamalo pake panali wina wachichepere. A Shehata anafotokoza nkhani yawo, ndipo asanafunsidwe n'komwe anati, "Ndinkangofuna kumuopseza, a Shehe. Mayi ake sindinafunepo kuwasiya." Mawuwo anatuluka mosavuta moti anachita nawo manyazi.

Tsiku lomwelo anagula buledi, mpunga ndi nyama, mkazi wa Barsoum anaphika, nayala mphasa kumapeto kwa khonde. Osauka khumi pa siteshoni ya sitima safunika kuwafunafuna. Anabwera oposa pamenepo, ena mpaka ovala bwino, ndipo a Shehata anawagawira onse ndi manja awo. Atatha analowa m'nyumba akumwetulira ngati mwana.

"Mayi a Nagat, zatha. Ndapita kwa Shehe, ndadyetsa anthu. Madzulo ano mwana atsika."

A Tafida anali atatsamira mapilo.

"Mwamuuza chiyani Sheheyo?"

"Kuti ndinkangoopseza."

"Mwanama."

"Iwe Tafida!"

"Ndinalipo tsiku lija, bambo a Nagat. Ndinali pamphasa kumbuyo kwanu. Anakufunsani kawiri, munati munatsimikiza. Shehe wa leroyu wamva zimene mwamuuza inu. Mulungu anamva zoyamba zija."

"Nanga ngati zoona zake ndi za lerozi? Ndikulumbira..."

"Musalumbire! Chonde, musalumbirenso." Anapuma movutikira. "Zikanakhala zoona, mukanazinena nthawi ija, miyendo yanga ili yolimba. Zaka zonsezi ndapirira kudyetsa mwana wanga pazenera kuti ndidzafe ndili mkazi wanu. Ndiye pamapeto penipeni mundilande chimenecho? Ndife ndili mlendo m'nyumba mwanu, osadziwa ngati ndine wosudzulidwa kapena ayi? Mwana asaponde. Tidikira Idi."

A Shehata anachonderera, anaitana mkazi wa Barsoum, anabweretsa Shehe wachichepere uja mpaka pambali pa bedi. A Tafida anamulandira mwaulemu, anamumvetsera, anamuthokoza, ndipo atachoka anati mnyamatayo ndi wabwino koma kunalibe tsiku lija. A Shehata anali ataphunzitsa mkazi wawo kwa moyo wonse kuti mawu awo oyamba ndiwo enieni, ndipo mkaziyo anali ataphunzira bwino. Analibe woti amukwiyire.

Madzulo a tsiku limenelo a Shehata anayenda khonde lonse kuchokera ku injini mpaka pa bogi ya amayi. Nagat anali ndi imvi zingapo pamphumi, ndipo bambo ake anali asanazione pafupi. Anamufotokozera zonse akuyang'ana pansi.

"Nditsika basi," anatero Nagat akudzuka. "Zotsalazo Mulungu adziwa."

"Akuti ukatsika, sadzakukhululukira."

Nagat anakhalanso pansi. "Mwaona zimene mwachita, ababa?"

"Ndaona, mwana wanga."

Kumeneko ndiko kunali kuyankhulana kwawo koyamba chichokere Nagat pakhomo.

Barsoum ndiye anaganiza za mpando. Madzulo alionse iye ndi a Shehata, nkhalamba ziwiri zowawa msana, ankanyamula a Tafida pampando wa nsungwi n'kukawaika m'mphepete mwa khonde pamene bogi ya amayi imaima, Barsoum akudandaula njira yonse kuti mayiyu amadya mobisa. Sitima ikaima, Nagat ankatulutsa thupi pazenera mpaka m'chiuno, amayi ena atamugwira miyendo kuti asagwe. Ankawagwira amayi ake pamkono kumva mtima, kuwatsegula chikope, kufunsa ngati amwa mapiritsi, kukalipira bambo ake kuti mchere wachuluka m'chakudya. Kenako ankangogwirana manja. A Shehata, amene sanachedwetsepo sitima moonekera chifukwa cha munthu, ankaima wenzulo ili m'kamwa osailiza. Anthu a m'mabogi ena ankayamba kumenya zitseko n'kumakuwa, koma madalaivala ankadziwa, ankangoyatsa fodya n'kuyang'ana kumbali. Wenzulo ikalira, manja aja ankalekana sitima itayamba kale kuyenda.

Kenako a Tafida analephera ngakhale kukhala pampando. Nkhosa za Idi zinali zitangoyamba kuoneka pamsika, eni ake akuzipaka utoto pamsana. Kwa masiku angapo a Shehata ndiwo ankapita pazenera kukapereka uthenga: agona pang'ono, amwa msuzi, akufunsa za ana. Nagat ankawapatsa mankhwala n'kuwauza kaperekedwe kake, ndipo pomaliza ankafunsa funso lomwelo, ngati amayi asintha maganizo. A Shehata ankapukusa mutu.

M'mawa wina, atachokera kopemphera, anawapeza akupuma motalikirana. Anakhala pambali pawo, anawanong'oneza mawu a chikhulupiriro m'khutu, ndipo dzuwa lisanafike padenga a Tafida anatsirizika, ali mkazi wawo monga ankafunira. A Shehata anawatseka maso n'kuwafunditsa nsalu. Sanalire. Belu linali likulira kuti sitima ya antchito yochokera ku Abu Qir yanyamuka pa siteshoni yoyandikana nayo. Anavala chipewa, anatenga mbendera, natuluka.

Barsoum atawaona nkhope anazimitsa moto wa tiyi.

Sitima inalowa, yodzaza monga mwa masiku onse. A Shehata anakaima pa bogi ya amayi. Nagat anali pazenera atavala zoyera zakuntchito, ali ndi kapaketi ka mankhwala m'manja, ndipo anayamba kuyankhula sitima isanaimitsitse.

"Awa muziwapatsa akadya, osati asanadye. Agona bwanji?"

A Shehata anatsegula pakamwa. Kwa zaka zonse zija mawu amenewa ankawayeseza mumtima, ankalota akuwanena pa Idi, pa tsiku lopuma ntchito, khonde litadzaza nthungululu. Anatuluka ang'onoang'ono.

"Tsika, mwana wanga."

Nagat anawayang'ana. Kapaketi kaja kanagwera pakati pa sitima ndi khonde. Anadzuka pampando. M'bogimo mayi wina anayamba kulira, ena anapatuka kumupatsa njira. Atafika pachitseko, a Shehata anatambasula dzanja kuti amuthandize kutsika, chifukwa sitepe ya pamenepo ndi yaitali. Nagat anagwira chitsulo cha pachitseko, anatsika yekha, nawadutsa kulunjika kukanyumba kaja, akuyenda, kenako akuthamanga, akuitana amayi ake.

A Shehata anatsala pomwepo dzanja lili m'malere. Kutsogolo dalaivala anali atasuzumira, akudikira, ndipo anthu anali akuchedwa kuntchito.